Bridgetown wa Alendo ndi Bridgetown wa Eni Nthaka

Abale anga kumudziko, popeza mwakhala mukufunsa za kuno ku Bridgetown, likulu la dziko la Barbados, ndati ndikulongosolereni mmene timakhalira mumzinda umene mphika wake umadalira alendo odzaona malo.

Barbados ndi chilumba cha ku Caribbean cha anthu osakwana 300,000. Tsiku limene sitima zikuluzikulu zakocheza padoko, msewu wa Broad Street umadzaza ndi alendo amene amalowa m'masitolo ogulitsa mawotchi ndi mowa wa rum popanda msonkho, amajambula Nyumba ya Malamulo, kenako n'kubwerera m'sitima dzuwa lisanalowe. Bungwe la UNESCO linaika mbali yakale ya mzindawu pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2011, koma alendo ambiri amangoupenya mothamanga. Eni nthaka amagula zawo mu Swan Street ndi kumsika wa Cheapside, kumene Loweruka m'mawa amayi amayala mbatata, zilazi, chinangwa ndi therere.

Thererelo amalisakaniza ndi ufa wachimanga n'kuvundula ndi mthiko, ndipo chimene chimatuluka ndi cou-cou, chakudya chimene amanyadira ngati mmene ife timanyadira nsima, ngakhale kuti n'chofewerapo ndipo ndiwo yake yodziwika ndi nsomba zouluka.

Nkhani ya ndalama ndiyo ndikufuna muimvetse bwino. Kuyambira 1975, madola awiri a kuno amafanana ndi dola imodzi ya ku America, choncho mukamva malipiro anga n'kuwasintha m'makwacha, mumaganiza kuti ndikutola ndalama pansi. Koma chakudya chambiri chimabwera pa sitima kuchokera kunja, nyumba zambiri za kufupi ndi nyanja eni ake amakonda kubwereketsa kwa alendo olipira tsiku ndi tsiku, ndipo mitengo imene mlendo wa sabata imodzi sadandaula nayo ndiyo imene wantchito amalimbana nayo chaka chonse. Kuyambira June mpaka November, nyengo ya mphepo zamkuntho, alendo amachepa, ndipo anzanga a m'mahotela amadulidwa maola a ntchito.

Chimene ndimawayamikira anthu a kuno n'chakuti gombe ndi la aliyense, ngakhale kutsogolo kwa hotela yodula. M'mamawa ku Carlisle Bay mumapeza agogo akusamba m'nyanja uku akucheza, pamene pafupi pomwepo anyamata akusambitsa akavalo a mpikisano ochokera kubwalo la mpikisano la Garrison Savannah. Kumeneko anthu amafika pa maminibasi oyera a mzere wofiirira otchedwa ZR, amene nyimbo zake zimagonthetsa m'khutu.

Amene mukukonzekera kubwera, mtengo wa nyumba muufunse musanasaine pangano la ntchito. Zovala zamawangamawanga zooneka ngati za asilikali, zimene timagula pakaunjika, muzisiye komweko, chifukwa lamulo la kuno limaletsa munthu wamba kuzivala, ngakhale mwana.