KLayout kapena gdsfactory: muyambire pati kujambula chip ya kuwala?

Mapulogalamu awiriwa ndi aulere, ndipo onse amatulutsa fayilo ya GDS, chojambula cha chip chimene fakitale imafuna. Kusiyana kwawo kuli pa zimene munthu amatolapo.

KLayout, mukaiwonjezera SiEPIC-Tools, zida zojambulira ma chip a kuwala za ku University of British Columbia, imakuonetsani zonse ndi maso. Mumaika ma grating coupler awiri (polowera ndi potulukira kuwala pa chip) motalikirana 127 µm, chifukwa ndi mmene ma fiber a makina oyezera amatalikirana, kenako mumawalumikiza ndi waveguide (kanjira ka kuwala) ya silicon ya 500 nm m'lifupi ndi 220 nm kukhuthala. Pokhota, radius isatsike pansi pa 5 µm, apo ayi kuwala kumataika kwambiri. Chimene timaikondera ndi verification: imakulozerani pamene nsonga ziwiri sizinakumane. Pa sikirini zimaoneka ngati zagundana, koma mukakulitsa mumapeza kampata ka ma nanomita ochepa, kokwanira kuononga muyeso wonse.

Koma yesani kujambula ndi dzanja ma Mach-Zehnder 20 (ma interferometer ogawa kuwala m'mikono iwiri n'kukuphatikizanso), iliyonse ndi kutalika kwake. Mudzatopa, n'kulakwitsa. Apa ndiye pamene gdsfactory imapambana: mizere yochepa ya Python, loop imodzi, zonse zatuluka. Vuto lake ndi lakuti imasintha msanga. Code yambiri yolembedwa pa version 7 imakana pa version 8, choncho sankhani imodzi n'kuisunga mpaka ntchito ithe.

Pali cholakwa chimene pulogalamu iliyonse mwa iwiriyi singakugwireni. Powerengera free spectral range (mpata wa wavelength pakati pa nsonga ziwiri zotsatizana pa graph ya muyeso wa Mach-Zehnder), gwiritsani group index ya waveguide, pafupifupi 4.2, osati effective index yake ya 2.4. Mikono ikasiyana ndi 100 µm, pa kuwala kwa 1550 nm muyembekezere free spectral range ya pafupifupi 5.7 nm.

Pa simulation (kuyesa pa kompyuta mmene kuwala kudzayendere), Lumerical ya Ansys ndi yosavuta kuphunzira koma laisensi yake ndi yodula ngati yunivesite yanu ilibe. MEEP ya ku MIT ndi yaulere, ngakhale pa Windows imafuna WSL (Linux ya mkati mwa Windows). Samalani resolution ya MEEP: pa ma pixel 20 pa µm imodzi, pixel imodzi ndi 50 nm, ndiye kukhuthala konse kwa silicon yanu ndi ma pixel pafupifupi anayi okha. Mukaiwirikiza kawiri mu 3D, memory imakwera ka 8, nthawi ka 16.

Ife timati yambani ndi KLayout, mumalize interferometer imodzi yodutsa verification. Mukasamukira ku gdsfactory, muzitsegulabe GDS iliyonse mu KLayout musanaitumize ku fakitale.