Ndemanga yanga pa chithandizo cha ERCP chimene amayi analandira ku Johannesburg

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Ntchito ya madokotala ndilibe nayo mawu. Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa cha momwe anatitulutsira m'chipatala.

Amayi anga amakhala kwa Santhe, kuno ku Kasungu. Anayamba kudandaula kupweteka kumtunda kwa mimba, mbali ya kumanja, makamaka akadya za mafuta. Kenako maso anachita chikasu, mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chinatuwa, thupi lonse n'kumayabwa moti ankadzikanda usiku wonse. Kumudzi aliyense anasanduka dokotala, uyu akuti adye nzimbe, uyo akubwera ndi mizu. Sikani ndiyo inaulula kuti mwala wochokera m'ndulu watseka kanjira kamene madzi a ndulu amadutsa kuchoka kuchiwindi kupita m'matumbo. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Joni anapeza chipatala cholipira kumeneko chokhala ndi akatswiri a ERCP, njira yochotsera mwala wotere kudzera pakamwa, banja linasonkha, ine n'kuperekeza odwala.

Ambiri akamva za mwala amaganiza zong'ambidwa pamimba. ERCP sachita kung'amba. Amalowetsa kapaipi kofewa, kokhala ndi kamera kunsonga, kudzera pakamwa, kummero, m'chifu, mpaka poyambira matumbo aang'ono, pamene njira ya ndulu ndi ya kapamba (pancreas) zimatulukira. Apo amathira mankhwala ooneka pa X-ray kuti aone pamene patsekeka, amacheka pang'ono pakhomo pa kanjirako, n'kukoka mwalawo ndi kabaluni kapena kadengu ka waya. Njirayi si yachilendo ayi. Inayamba mu 1968, ndipo zocheka pakhomo kuti mwala utuluke zinayamba mu 1974 ku Germany ndi ku Japan.

Chimene chinandigwira mtima ndi momwe dokotala anatikhazikira pansi tisanasaine. Anatenga pepala, n'kujambula chiwindi, ndulu ndi kapamba, n'kuika kadontho pamene panali mwala. Ankalankhula akuyang'ana amayi, osati ine womasulira, ndipo ankadikira kuti ndimalize Chichewa changa asanapitirize. Zoopsa sanabise: anati mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 5 kapamba amatupa akachitidwa ERCP, ndipo nthawi zina munthu amataya magazi kapena thumbo limabooka. Amayi atamva anangoti, "Mwanawe, uwauze achite, kuyabwaku kwandikwana."

Anawaletsa kudya kuyambira pakati pa usiku, anawachotsa mano oikirira, anawabaya mankhwala ogonetsa. Ntchito yonse sinakwane ola. Atadzuka ankangodandaula kukhosi ndi mpweya m'mimba. Anamwino, amene ankawaitana kuti Gogo, ankabwera pafupipafupi kudzafunsa ngati mimba ikupweteka mpaka kumsana, chifukwa ndicho chizindikiro cha kapamba wotupa. Mwamwayi sizinachitike. Kuyabwa kunayamba kuzirala msanga, koma chikasu cha m'maso chinatenga masabata kuti chitheretu, ndiye musataye mtima mukaona maso akadali achikasu mawa lake.

Tsopano pamene pandikhumudwitsa. Mwala wina unali waukulu ndipo sunatuluke, choncho anasiya kapaipi kapulasitiki, kamene amakatcha stent, kuti ndulu izidutsa. Kapaipi kotere sikokhalitsa. Kamatsekeka, ndipo kamayenera kuchotsedwa kapena kusinthidwa pakatha miyezi pafupifupi 3, apo ayi munthu amayamba kutentha thupi, kunjenjemera, chikasu n'kubwereranso. Nkhani yaikulu ngati imeneyi anangoilemba mzere umodzi pa kalata yotulutsira, m'Chingerezi cha madokotala. Dokotala uja tsikulo kunalibe, ndipo amene anatipatsa kalata ankathamangira odwala ena. Anatizindikiritsa ndi a kiliniko ofesala kuno kwathu, atawerenga kalatayo tili pafupi kuiika m'sutikesi. Munthu wa ku Johannesburg komweko akhoza kungokwera takisi n'kubwerera. Ife zikutanthauza kufika ku Lilongwe, tikiti ya ndege, malo ogona, ndalama za fodya za chaka chonse. Achipatalawo ankadziwa bwino lomwe kuti tachokera ku Malawi.

Mtengo nawo anatiuza wa ERCP yokha. Wogonetsa, bedi, kuyeza magazi ndi stent yomwe zinabwera pa mabilu akeake, ndipo zonse pamodzi zinapitirira kwambiri zimene tinakonzekera. Chakudya sindinenapo zambiri, amayi ankangofunsa nsima.

Tinabwereranso, anachotsa stent ndi mwala wotsalawo, ndipo ulendo uno ndinakana kutuluka mpaka dokotala atabwera kudzatifotokozera pakamwa. Iye anati ndulu yenyeniyo iyenera kuchotsedwa pa opaleshoni ina, chifukwa ndimo mumapangika miyala, ndipo ERCP imangoyeretsa kanjira. Izi tikukonza zochitira kuno ku Malawi.

Ngati m'bale wanu amulembera ERCP, kaya ndi chipatala chiti, musaope kupita. Koma musanalipire funsani ngati adzasiya stent, tsiku loichotsa, ndi mtengo wa zonse pamodzi wolembedwa papepala. Auzeninso madokotala ngati odwala amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, ndipo potuluka tengani lipoti ndi zithunzi zonse, chifukwa adokotala akuno adzazifuna.