Nyenyezi zitatu: adokotala anapulumutsa Phulusa wanga, koma mawu a pakauntala aja akundiwawabe

Bambo amene amakhala pakauntala pa chipatala cha ziwetochi anandiuza kuti ndikagule kalulu wina. Ananena zimenezi wanga ali moyo, ali m'kadengu pamiyendo panga, akukukuta mano ndi ululu mpaka ine kumamva. Papita miyezi iwiri koma mawu amenewo sanachoke m'khutu mwanga, n'chifukwa chake nyenyezi zomwe ndikupatsa chipatalachi zathera pa zitatu mwa zisanu ngakhale Phulusa anachira.

Phulusa ndi wamkazi, ali ndi zaka 9, ndipo ndakhala naye kuyambira ali kamwana kokwana m'dzanja limodzi. Lachinayi usiku anasiya masamba ake osawakhudza. Lachisanu m'mawa ndinapeza mbale yomwe amadzithandiziramo ili mbee, mulibe ngakhale kam'bulu kamodzi, pomwe kalulu wabwinobwino amasiya timibulu toposa 200 patsiku. Mwini wake anali khuma pakona, maso atatsinzina pang'ono, makutu ozizira. Amene mumasunga akalulu mukudziwa tanthauzo lake. Matumbo a kalulu sapuma, amafuna udzu uzidutsamo usana ndi usiku. Akangoima, mpweya umadzaza, m'mimba mumapweteka, ululuwo n'kumuletsanso kudya, zinthu n'kumangoipirabe. Kalulu sasanza, ndiye chomwe chatsakamira m'katimo chilibe kwina kotulukira. Akatha maola 12 osadya kapena osatulutsa zitosi, imeneyo ndi ngozi, si nkhani ya tione mawa.

Ndinaimba foni m'mawa womwewo, anandiuza kuti dokotala apezeka madzulo. Tsiku lonse ndinakhala ndikumufunditsa ndi kumudonthezera madzi pakamwa, ndipo 4 koloko isanakwane ndinali nditafika.

“Achimwene, kalulu wanga sakudya kuyambira dzulo usiku, sakutulutsanso zitosi. Chonde aonedwe mwachangu.”

Sanadzutse n'komwe mutu pafoni yawo. “Lipirani kaye yoonana ndi dokotala.”

Ndinalipira. Mtengo wake mukuudziwa nonse, si wochepa, ndipo sindinanyinyirike. Atalemba risiti anafunsa zaka za kaluluyo, ndipo nditawauza anaseka, kuseka kwenikweni, anthu ena awiri odikira ali pomwepo.

“Mayi, ameneyo wakhalitsa, nthawi yake yakwana. Ndalama mukufuna kutaya panozi mungagule nazo tiana tiwiri. Koma ngati mwalimbikira, bwerani Lolemba.”

Ndinawafunsa kuti nanga ndalama ndalipira kumeneyi ndi ya chiyani ngati dokotala ndimuona Lolemba. Sanayankhe. M'malo mwake anatembenukira kushelefu, n'kutsitsa kabotolo ka amoxicillin wakumwa, n'kundiikira patsogolo. “Tengani aka, timapereka kwa amphaka ndi agalu. Ndipo musamupatse chakudya mpaka mawa, m'mimba mupume.”

Apa ndiye ndinanjenjemera ndi mkwiyo, ndipo ndikufuna eni chipatalachi awerenge bwinobwino. Malangizo awiri amenewo, alionse paokha, akanapha kalulu wanga. Kalulu ali ndi thumba lalikulu kumapeto kwa matumbo aang'ono, lotchedwa caecum, momwe mumakhala tizilombo tabwino togaya udzu. Amoxicillin, penicillin ndi clindamycin akamwetsedwa pakamwa amapha tizilombo timeneti, toipa n'kuchulukana, ndipo kalulu amatha kufa m'masiku ochepa. Kumugoneka ndi njala nakonso n'kolakwika kotheratu. Galu mukhoza kumumana chakudya tsiku limodzi m'mimba mukavuta, koma kalulu ukamumana matumbo amaimiratu ndipo mafuta amayamba kuunjikana m'chiwindi. Ine ndinadziwa zimenezi chifukwa ndakhala ndi Phulusa zaka zonsezi. Nanga mwana wasukulu amene wabwera ndi kalulu wake woyamba? Akanalipira kabotoloko, kuthokoza, n'kukamwetsa. Munthu amene si dokotala akupereka bwanji mankhwala pakauntala nyama isanayezedwe?

Ndinakana kuchoka. Ndinakhala pabenchi mphindi 50, ndikuona galu wobwera kudzawenga zikhadabo akulowa patsogolo panga. Dzanja langa linali m'kadengu nthawi yonseyo, ndipo ndimamva mimba ya Phulusa ikunka nilimba.

Zinthu zinasintha pamene adokotala ena achitsikana anatuluka kudzatenga fayilo. Anaona kadengu, anafunsa chomwe chinalimo, ndipo nditangonena kuti kalulu wasiya kudya kuyambira dzulo anandidula mawu: “Lowani pompano, mayi.” Sanayang'ane n'komwe mndandanda.

Za adokotala amenewa ndilibe choipa chilichonse chonena. Anayamba ndi kuyeza kutentha kwa thupi, n'kupeza madigiri 37.2. Anandiuza kuti kalulu amayenera kukhala pakati pa 38.5 ndi 40, ndipo akatsika chotere ndiye kuti thupi layamba kugonja. Anamukulunga ndi thaulo pambali pa botolo la madzi ofunda, anatenga kadontho ka magazi kukhutu kuti aone shuga, kenako anamujambula X-ray. Ndinafunsa chifukwa chake sakungomubaya mankhwala oyendetsa matumbo, popeza ndinkadziwa za metoclopramide. Anandifotokozera modekha kuti pali kusiyana pakati pa matumbo amene angofooka ndi matumbo amene atsekeka ndi chinthu, monga mpira wa ubweya wouma. Ukakankha matumbo otsekeka ndi mankhwala, kapena kumukakamiza chakudya, ukhoza kuwang'amba. Shuga akakwera kwambiri, kupitirira 20, nthawi zambiri chimakhala chizindikiro cha kutsekeka, ndipo pamenepo nkhani imakhala ya opaleshoni. Wa Phulusa anali pansi pa pamenepo, ndipo chithunzi chinaonetsa mpweya wambiri koma njira yosatsekeka. Ndinalira pomwepo, ndipo sanandithamangitse.

Anamulowetsa madzi pansi pa chikopa cha pamsana mpaka panatuluka kachotupa kofewa, kamene anati kaphwa kokha thupi likamamwa madziwo. Anamubaya buprenorphine wa ululu, n'kunena kuti meloxicam, mankhwala ena a ululu, adikire kaye mpaka thupi libwezeretse madzi ndiponso aone mmene impso zilili, chifukwa kwa kalulu wokalamba mankhwala amenewo sapatsidwa mwachisawawa. Ndipo ndi iwo amene anapeza gwero la zonsezi. Atasuzumira m'kamwa ndi kachitsulo kokhala ndi getsi, anaona kuti mano otafunira a m'munsi anali atamera timinga tomwe tinkacheka lilime. Mano a kalulu amakula moyo wake wonse, ndipo chomwe chimawaperesa ndi kutafuna udzu. Phulusa anayamba kuzemba udzu wouma chifukwa cha ululu, mano n'kumatalikirabe, mpaka matumbo anasowa chowayendetsa. Ine ndinkaona kuti udzu ukutsala m'khola koma ndinkati ndi ukalamba chabe.

Anandipatsa paketi ya Critical Care ya Oxbow, ufa wa udzu wa timothy womwe umasungunulidwa, muyezo umodzi wa ufa ku miyezo iwiri ya madzi ofunda. Ufawo ndi wabwino ndipo ndi umene unamusunga masiku amene sankatha kudya yekha. Koma sirinji yomwe anandigulitsa pakauntala paja inali ya kukamwa kochepa, yomwetsera mankhwala amadzi. Usiku woyamba inatsekeka ulendo uliwonse, ndikakankha mwamphamvu phala lonse n'kutuluka kamodzi, zomwe n'zoopsa chifukwa kalulu akhoza kutsamwa phalalo n'kulowa m'mapapo. Ndinachita kudula nsonga yake ndi mpeni n'kuisalaza. Ya kukamwa kwakukulu inalipo pashelefu pomwepo, ndinaiona ulendo wachiwiri.

Kudyetsa kalulu wodwala ndi ntchito ya mtima wautali. Ndinkakhala pansi, kumukulunga m'thaulo mutu wokha uli kunja, miyendo yake ili pansi monga amakhalira, osamugoneka chagada ayi. Kuseri kwa mano akutsogolo kuli mpata wopanda mano, ndipo ndi mmene umalowetsa nsonga ya sirinji cham'mbali. Ukankhe pang'ono, mililita imodzi, udikire atafune, ameze, kenako ina. Ulendo woyamba ankangolisunga phalalo m'kamwa, n'kumatsikira kuchibwano, ine n'kumapukuta. Mamililita 10 ankanditengera pafupifupi theka la ola, ndipo ndinkabwereza maola anayi alionse, usiku womwe. Pakati pake ndinkamusisita mimba mofatsa ndi nsonga za zala, n'kumamuyendetsa pang'ono m'chipinda chifukwa kuyenda kumathandiza matumbo. Ndinkaika khutu pamimba pake kumvetsera. Loweruka lonse munali zii.

Lamlungu cha m'ma 3 koloko m'bandakucha ndinamva kulira kwa m'mimba, kochepa kwambiri. Nditayatsa getsi ndinaona timibulu titatu pathaulo. Tinali tating'ono ngati mitu ya machesi, takuda, touma, tolumikizana ndi ubweya ngati mikanda pa ulusi. Ndinatitola n'kutiika pakapepala, ndipo ndinakhala ndikutiyang'ana nthawi yaitali. Pofika madzulo tinali titakwana 20, ndipo anadya yekha tsamba limodzi.

Ndinkaganiza kuti zatha, koma kalulu wokalamba sachira motero. Patapita masiku asanu ndinamupeza kumbuyo kwake kuli phala lofewa lonunkha, litamatirira ubweya. Ndinachita mantha kuti watsegula m'mimba. Ndinaimba foni, anayankha bambo omwe aja, n'kunena kuti adokotala atanganidwa, ndiimbenso. Sanalembe uthenga wanga, izi ndinazidziwa pambuyo pake. Mwamwayi adokotala aja anandiimbira okha madzulo kufunsa za Phulusa, popanda kulipiritsa, ndipo ndi pamenepa mtima wanga unayamba kufewa pa chipatalachi. Anandifunsa ngati timibulu touma tikutulukabe pambali pa zofewazo. Nditavomera anati si kutsegula m'mimba. Kalulu amatulutsa zitosi za mitundu iwiri, ndipo zofewa zija, zooneka ngati kagulu ka timipira tonyezimira, amazidya yekha zikamatuluka chifukwa muli mavitamini ndi zomanga thupi. Matumbo akasokonekera zimatuluka zosaumbika bwino, ndipo kalulu wa nyamakazi ngati Phulusa amalephera kupinda msana kuti azifikire, ndiye amangozikhalira. Kutsegula m'mimba kwenikweni, kwa madzi okhaokha popanda timibulu, anati ndikakuona ndithamange naye nthawi yomweyo. Anandichenjezanso za ntchentche: zikaikira mazira pa ubweya wonyowawo, mphutsi zimaswa tsiku lisanathe n'kuyamba kudya mnofu. Kuyambira pamenepo ndinkamuyang'ana kumbuyo kawiri patsiku, kutsuka malo okhawo ndi madzi ofunda, osamumiza thupi lonse, n'kumuumitsa bwinobwino.

Mano anawasalaza sabata yachiwiri atapezako mphamvu. Ndinkaopa kwambiri mankhwala ogonetsa pa msinkhu wakewu, koma anadzuka bwino, ndipo anandiuziratu kuti ndisamumane chakudya ngakhale m'mawa wa tsikulo. Magazi anaonetsa kuti impso zili bwino, choncho anayamba meloxicam, yemwe akumwabe chifukwa cha nyamakazi. Kusintha kwake kunandidabwitsa. Kalulu amene kwa chaka ankangokhala malo amodzi anayambanso kudzisamba kumbuyo ndi kutambalala chammbali akamagona.

Ndinkamuyeza pasikelo ya kukhitchini m'mawa uliwonse. Asanadwale anali makilogalamu 2.1, anatsika mpaka 1.8, ndipo zinatenga masabata asanu kuti afike pa 2. Sirinji ndinasiya pang'onopang'ono, ndikuchotsa ulendo umodzi ndikaona kuti udzu wachepa m'khola. Panopa udzu wouma ndiwo chakudya chake chenicheni, sumusowa nthawi ina iliyonse. Chakudya cha timibulu cha m'paketi ndinachepetsa kwambiri, zipatso ndinasiyiratu, masamba ndinabwezeretsa mtundu umodzi umodzi kuti ndione womwe ukumusokoneza. Madzi ndimamuikira m'mbale chifukwa amamwa ambiri kuposa a m'botolo, ndipo mbale yodzithandiziramo ndinaidula mbali imodzi kuti asamalumphe polowa. Ndimamupesanso ubweya pafupipafupi kuti asamameze wambiri.

Chipinda choyezeramo n'chaukhondo. Malo odikirira ndi amodzi, agalu ndi akalulu pamodzi, zomwe si zabwino kwa nyama yamantha chotere. Phimbani kadengu ndi nsalu. Pa bilu yomaliza paketi ya ufa ija analemba kawiri. Nditaonetsa anabweza ndalama popanda mkangano, komanso popanda kupepesa.

Nkhani ya amoxicillin ndinawauza adokotala, ndipo nkhope yawo inasintha. Ulendo wotsatira ndinapeza mankhwala aja achotsedwa pashelefu ya pakauntala, ndipo zimenezo ndikuyamikira. Bambo aja akadali pompo. Tsiku lochotsa timinga ta m'mano anandipatsa moni mwaulemu, n'kusuzumira m'kadengu, n'kunena kuti, “Kodi adakali moyo eti?” Mwina kwa iwo kumeneko kunali kufunsa zabwino. Ine sindinayankhe.

Ngati kalulu wanu wasiya kudya, bwerani naye kuno, koma musaime pakauntala kukambirana. Nenani kuti ndi ngozi, funsani dokotala amene amaona akalulu, ndipo musalandire mankhwala alionse m'manja mwa munthu amene sanamuyeze. Ine ndibwereranso mwezi wamawa kukaonetsa mano a Phulusa, chifukwa timinga timeneti timameranso, ndipo tsiku ndapangana ndi adokotala eni ake. Akadzakhazika pakauntala munthu wophunzitsidwa za nyama zing'onozing'ono, ndidzabwera kudzawonjezera nyenyezi ziwiri zatsalazo.