Transform ya Medtronic: kachipangizo kofinyitsa mnofu wa kumsana pa mtima wofooka

Kachipangizo aka ka kampani ya Medtronic sikagulitsidwanso, koma madokotala a mtima amakatchulabe. Kankagwiritsidwa ntchito pa opaleshoni ya cardiomyoplasty (yokulunga mtima wofooka ndi mnofu wa kumsana), imene madokotala Alain Carpentier ndi Juan Carlos Chachques anayamba kuichita pa munthu mu 1985 ku chipatala cha Broussais ku Paris.

Dokotala amasenda mnofu waukulu wa kumsana wa kumanzere, latissimus dorsi, kusiya mtsempha wake wa magazi ndi wa mauthenga zili zolumikizika kukhwapa. Amadula kachidutswa ka nthiti yachiwiri, n'kulowetsa mnofuwo m'chifuwa n'kuukulunga pa mtima. Waya mmodzi amamva kugunda kwa mtima, awiri amasokeredwa mu mnofu, ndipo kabokosi ka Transform kokhala ndi batire kamabisidwa pansi pa khungu la pamimba.

Ubwino wake weniweni unali pa kathiridwe ka magetsi. Mnofu wa kumsana sufinya mokwanira ndi kamphamvu kamodzi ka magetsi monga mtima umachitira. Umafuna timagetsi totsatizana, kawirikawiri 6 pa liwiro la 30 Hz (timagetsi 30 pa sekondi), tofika pa nthawi imene mtima ukufinya. Transform inkachita zimenezi molondola, ndipo dokotala ankatha kuisintha popanda kung'amba thupi kuti mnofu uzifinya kamodzi pa kugunda kuwiri kulikonse.

Kudikira ndiye kunali kowawa. Milungu iwiri yoyamba mnofu sukhudzidwa kuti uchire n'kumamatira pa mtima. Kenako magetsi amawonjezeredwa pang'onopang'ono kwa miyezi pafupifupi iwiri, mpaka mnofu wotopa msanga usanduke wopirira, monga wasayansi Stanley Salmons ndi anzake anasonyezera pa akalulu. Nthawi yonseyi wodwala wachitidwa opaleshoni yaikulu koma thandizo silinayambe. N'chifukwa chake odwala amene ankapuma movutikira ngakhale ali chigonere ankamwalira kwambiri, pomwe oyendako pang'ono ankapirira.

Chokhumudwitsa china: mnofu ukapirira umataya mphamvu ndi changu. Kusenda kumadula timitsempha todyetsa nsonga yake, ndiye nsongayo, yomwe ndi imene yakuta mtima, imafota n'kusanduka mafuta ndi zipsera. Madokotala a ku Padua, ku Italy, anayesa kuupumitsa mnofuwo usiku kuti usafooke, ndipo nzeru imeneyi inali yabwino, kungoti inabwera mochedwa.

Odwala ambiri ankati akupezako bwino, koma magazi opopedwa ankangowonjezekera pang'ono. Zikuoneka kuti mnofuwo unkathandiza kwambiri ngati lamba woletsa mtima kufutukuka, osati ngati pampu. Kafukufuku woyesa opaleshoniyi wotchedwa C-SMART ku North America anaimitsidwa odwala olembetsa atachepa, ndipo Medtronic inasiya kupanga kachipangizoka.

Pa kulondola kwa magetsi, ndi kachipangizo kosadandaulitsa. Pa phindu kwa wodwala, mapampu a LVAD (oikidwa m'thupi kuti athandize mtima kupopa magazi) ndi kuika mtima wa munthu wina zikukaposa patali. Wofuna mnofu wopopadi magazi ayang'ane za dokotala wa ku America Larry Stephenson, amene ankapinda mnofu womwewu kukhala kathumba n'kukalumikiza ku mtsempha waukulu wa aorta mwa agalu. Kumeneko mavuto anali magazi kuundana m'kathumbamo ndi kathumbako kung'ambika.