Dishi kapena mlongoti: DStv, GOtv, Kiliye Kiliye ndi Azam, pakhomo tigule iti?

Mchemwali wanga anandiimbira sabata yatha ali kumudzi, akuti achimwene ndagulitsa soya, TV ndagula kale, sola ilipo, nde dikoda ndigule iti? Tinakambirana pafupifupi ola lathunthu mpaka mayunitsi anamuthera, ndipo ndinaona kuti funso limeneli likuvutitsa anthu ambiri chifukwa ogulitsa aliyense amangoyamikira yake. Ine ndagwiritsapo zinayi, DStv, GOtv, Kiliye Kiliye ndi Azam, ina kunyumba kwanga, ina kwa makolo, ina kwa anzanga komwe timaonera mpira, nde ndinene mmene ndaonera.

Koma kaye achinyamata mudziwe kuti kusankha kumeneku nkwachilendo kwa ife. Nthawi yonse ya Kamuzu, kuyambira 1964 mpaka 1994, dziko lino linalibe TV yakeyake, tinali ndi wailesi ya MBC basi, pamene anzathu ku Zambia ndi ku Zimbabwe anali akuonera kuyambira zaka za m'ma 1960. TV yoyamba ya dziko lino, Television Malawi (TVM), inadzatsegulidwa pa 1 Epulo 1999 nthawi ya a Bakili Muluzi, masitudiyo ake ali ku Kwacha ku Blantyre. Ine ndikukumbuka bwinobwino, mu layini mwathu monse TV inali nyumba imodzi, ya chimbuyo chachikulu ija, ataifunditsa kansalu koluka, ife ana timakhala pansi pa simenti titasiya masilipasi pakhomo ndipo amene wabwera osasamba mapazi amabwezedwa. Mlongoti unali pa nsungwi yayitali yomangirira ku mtengo wa mango, chithunzi chikayamba mchenga mnyamata mmodzi amatuluka kukapotoza nsungwi, ife mkati tikukuwa kuti pomwepo! wabwezanso! pomwepo! Tchanelo chinali chimodzi, ukatopa nacho umangothimitsa.

Ndipo chifukwa chinali chimodzi, chilichonse chooneka pamenepo chimakhala nkhani ya dziko lonse. Mu 2003 TVM imaonetsa Big Brother Africa, muli Mmalawi mnzathu Zein Dudha, aphungu ku Nyumba ya Malamulo anakwiya nkulamula kuti isiye kuonetsedwa poti ikuononga chikhalidwe, khoti lalikulu nkudzabweza chiletsocho. Kenako TVM inaphatikizidwa ndi MBC nkukhala MBC TV, kunabwera Luntha ya Akatolika ku Balaka, Times TV, Zodiak TV, Mibawa ndi zina zamipingo zambirimbiri. Lero vuto silosowa choonera ayi, vuto ndi loti thumba ndi limodzi koma madikoda ndi ambiri.

Ndiyambe ndi DStv poti ndi imene aliyense amailakalaka. Iyi ndi ya dishi, ya kampani ya MultiChoice ya ku South Africa, ndipo ubwino wa dishi ndi woti sifunsa kuti uli kuti, kaya ku Chitipa kaya ku Nsanje kaya kuseri kwa phiri, bola yaloza kumwamba koyenera ndipo palibe mtengo woitchinga. Pa nkhani ya mpira tisanamizane, palibe woifika. SuperSport ndi imene ili ndi ligi ya ku England, La Liga, Champions League, chithunzi choyera ngati uli pa bwalo pompo. Ngati nyumba yanu ndi ya anthu a Arsenal ndi Man U oti Loweruka masana sadya nsima mpira usanathe, kapena muli ndi bala kapena shoo yoonetsa mpira anthu nkumalipira pakhomo, musavutike nkuwerenga zambiri, yanu ndi imeneyi ndipo konzekani kulipira phukusi lokwererapo chifukwa otsika aja mpira waukulu mulibe.

Koma mtengo wake ndi umene umapweteka, ndipo sumakhazikika. Zinthu zimene amaonetsa amagula ndi madola, nde kwacha ikagwa iwonso amakweza, ndipo mukukumbuka mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Chaka chomwecho mu Ogasiti tinaona zomwe sitinkayembekeza, MultiChoice itakangana ndi MACRA, bungwe la boma loyang'anira mawailesi ndi ma TV, pa nkhani yokweza mitengo mpaka kukhoti, inalengeza kuti DStv ikuchoka m'Malawi. Anthu anasowa mtengo wogwira, eni mabala makamaka, poti ligi inali ikungoyamba kumene. Inadzabweranso patapita miyezi, koma kwa ine chinanditsegula maso, kuti dishi ili pa denga langa, ndinagula ndi ndalama zanga, koma tsiku lina ikhoza kungokhala mbale yopanda ntchito chifukwa cha mkangano wa anthu oti sindinawaonepo. Chinanso ndi mvula, mitambo ikangoda bii chithunzi chimayamba kudukaduka kenako zii, ndipo zimakonda kuchitika mu Januwale ndi Febuluwale mpira uli pakati.

GOtv ndi mng'ono wake wa DStv, kampani ndi yomweyo koma iyi siyadishi, ndi ya kamlongoti kaja kolandira kuchokera ku nsanja yapafupi. Apa mpamene anthu ambiri amalakwitsa. Munthu amaiona ikugwira bwino kwa m'bale wake ku Area 25 kapena ku Ndirande nkugula kupita nayo kumudzi, kukafika uko sikugwira olo pang'ono, chifukwa kulibe nsanja yake. Ndiye musanagule funsani aneba, ngati palibe aliyense m'dera lanu amene ali nayo ndiye pali chifukwa chake. Kwa wa mtauni amene ali pa lendi ndimaikonda kwambiri, sufuna kuboola khoma la landilodi, sufuna kuitana munthu wodzakhoma dishi, tsiku losamuka umangozula paipi nkuika pa lole limodzi ndi mbaula. Ana amapeza makatuni awo, amayi amapeza mafilimu a ku Nigeria ndi masewero a chimwenye aja otsatizana, mpira ulipo wina koma si wonse, nde bambo wokonda ligi ya ku England aziona kaye mndandanda wa phukusi asanapereke ndalama, asamangomvera zonena wogulitsa.

Tsopano Kiliye Kiliye, imene ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa anthu amainyoza osaidziwa. Mayiko anagwirizana kuti pofika pa 17 Juni 2015 aleke kuulutsa TV mwa kale muja mwa analogi, apite ku digito. Kusiyana kwake nkoti kale tchanelo chilichonse chimafuna malo akeake mumlengalenga ndi zida zakezake pa phiri, pamene pa digito matchanelo ambiri amalowa mu njira imodzi. Nde boma linakhazikitsa kampani ya Malawi Digital Broadcast Network Limited kuti izinyamula matchanelo a m'dziko muno pa nsanja zake, ndipo dikoda yake ndi imeneyi ya Kiliye Kiliye. Dzinalo likunena lokha, chithunzi cha digito mchenga mulibe, chimabwera choyera kapena osabwera kumene. Ndi chifukwa chakenso matchanelo ang'onoang'ono anachuluka nthawi imeneyi, poti munthu safunikanso kumanga nsanja yake kuti ayambe TV.

Kwa makolo anga ndinawagulira imeneyi ndipo sindinong'oneza bondo. Bambo anga safuna za Liverpool, amafuna nkhani za m'Chichewa madzulo, amafuna aone Nyumba ya Malamulo ikakumana, amafuna amve a zaulimi akunena za mtengo wa feteleza ndi mmene mvula ibwerere chaka chino. Mayi anga amafuna makwaya ndi mapemphero Lamulungu m'mawa mwendo ukawavuta kupita ku tchalitchi, ndiponso maliro a anthu akuluakulu akamaonetsedwa amakhala pamenepo mpaka bokosi litatsika. Nthawi ya chisankho nyumba imadzaza, anthu kusinthasintha pakati pa MBC, Times ndi Zodiak kuti amve uyu akuti chiyani uyu akuti chiyani, ndipo zimenezi ine ndimaziona zamtengo wapatali chifukwa ndinakula nthawi yoti tchanelo chimodzi chikanena ndiye zatha, palibe kwina kofunsa. Zonsezi amazipeza pa ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi madikoda enawa.

Zofooka zake nazo ndisabise. Nayonso ndi ya mlongoti, nde kumene nsanja sizifika kapena kumene phiri latchinga, siigwira. Za kunja ndi zochepa, mwana wozolowera makatuni tsiku lonse adzadandaula. Komanso matchanelo athu ena, kunena zoona, amabwereza pulogalamu imodzi katatu pa sabata, ena mawu amatsogola chithunzi chikubwera m'mbuyo, ena tsiku lonse ndi nyimbo ndi maulaliki basi. Koma vutoli gwero lake ndi ndalama, otsatsa malonda m'dziko muno ndi ochepa ndipo matchanelo onsewa akulimbirana makampani omwewo a mafoni ndi mabanki, nde kujambula sewero labwino kapena kutumiza makamera ku Karonga kukaonetsa mpira wa ligi yathu si zinthu zotchipa. Ena mpaka analandidwa ziphaso ndi MACRA mu 2022 pa nkhani ya ndalama za laisensi, Rainbow TV inali m'gulu lomwelo. Ine zimandiwawa ndikamva munthu akuti TV ya ku Malawi ndi yachabechabe pamene iye mwezi ndi mwezi ndalama yake yonse ikupita kunja.

Azam ndi ya ku Tanzania, ya dishi, ndipo yalowa kwambiri makamaka kumpoto ndi m'mbali mwa nyanja komwe anthu Chiswahili amachimva. Mtengo wake uli pakatikati, ndipo poti ndi dishi imagwira kumudzi komwe GOtv ndi Kiliye Kiliye zalephera. Mphamvu yake ndi ligi ya ku Tanzania, Simba ndi Yanga zikakumana mumaona bwalo la ku Dar es Salaam litadzaza mpaka kukhumbira kuti Bullets ndi Wanderers nazo zizijambulidwa chonchi, ndipo anthu ambiri kuno anayamba kuitsata nthawi imene Peter Banda ndi Duncan Nyoni anapita ku Simba mu 2021. Masewero ake otsatizana omasuliridwa m'Chiswahili amayi ambiri amawakonda zedi. Koma ngati pakhomo panu palibe womva Chiswahili ndipo mtima uli ku ligi ya ku England, mudzaona ngati mwagula nsapato yokongola ya saizi ya wina. Zuku ya ku Kenya ndi StarTimes ya ku China nazonso zili m'gulu lomweli la mtengo wofikirika, chofunika ndi kufunsa kaye kuti matchanelo a ku Malawi alipo angati komanso ikaonongeka wokonza ali kuti, chifukwa mnzanga wina dikoda yake itafa anayenda maulendo atatu kutauni osathandizidwa, thiransipoti yokha inaposa mtengo wa dikodayo.

Pali ina imene akuluakulu mukuikumbuka, madikoda aulere aja a Wiztech ndi Philibao. Zaka za m'ma 2000 nyumba zambiri zinali ndi dishi yotere, osalipira kalikonse pa mwezi, anthu nkumaonera SABC ya ku South Africa ngati yawo, madzulo aliwonse Generations, ana mpaka kumalankhula tiziZulu ta pa TV. Mu 2013 eni ake anatseka siginolo ndipo m'mawa mwake anthu anangopeza mdima, chotsala chinali matchanelo a mipingo, Emmanuel TV ya TB Joshua ndi anzake. Mpaka lero alipo ogulitsa timadikoda tomwe amati timatsegula matchanelo onse ulere, ine ndimati musataye ndalama, timagwira mwezi umodzi kapena iwiri kenako tatseka ndipo wogulitsa uja foni sakuyankhanso.

Wina anena kuti zonsezi nzachikale, masiku ano timaonera pa foni. Zoona, Times, Zodiak ndi Mibawa amaulutsa pa Facebook, abale athu ku Joni ndi ku UK ndi mmene amatsatira za kumudzi, ndipo magetsi akathima foni ndi imene imapulumutsa. Koma bandulo ya mpira umodzi wa mphindi 90 muiwerengere, muchulukitse ndi mwezi, mupeza kuti mwalipira dikoda kale. Komanso foni ndi ya munthu mmodzi, agogo ndi zidzukulu sangaunjikane pa kagalasi kakang'ono ngati kaja. Usiku uja Gabadinho Mhango anachinya Morocco chigoli chakutali ku AFCON mu Januwale 2022 ine ndinali pa sitolo ina anthu osachepera makumi asanu pa TV imodzi, mabenchi anagwa, wina anandikumbatira osandidziwa, sindikhulupirira kuti pa foni ndikanamva chimodzimodzi.

Nde mchemwali wanga ndinamufunsa zinthu zitatu, kuti aneba ako mlongoti ukugwira? akuti inde, nyumba ziwiri zili ndi Kiliye Kiliye ndipo zikuonetsa bwino. Ndani aziionera kwambiri? akuti iyeyo, apongozi ake ndi ana akaweruka kusukulu, alamu anga mpira amakaonera pa tiredingi senta ndi anzawo ndipo sangasiye olo mutawaikira dishi pakhomo. Ndalama yolipira mwezi ndi mwezi izichokera kuti soya akatha? apa anangoseka nkuti achimwene mukudziwa kale mmene Januwale amakhalira kuno. Ndinamuuza kuti agule Kiliye Kiliye, paipi ya mlongoti ikhale yayitali kuposa denga ndipo aimange ndi mawaya mbali zitatu chifukwa kwawoko mphepo ya mu Okutobala si yamasewera, ndalama yotsalayo awonjezere batire la sola lalikulupo kuti TV isamazime nkhani za 8 koloko zili mkati. Dzulo wanditumizira chithunzi pa WhatsApp, apongozi ake ali pa mkeka kutsogolo kwenikweni, ana asanu ndi awiri kumbuyo kwawo, atatu mwa iwo si apakhomopo.