Kuboola, kudula kapena kusiya: mphako za mpweya pa bodi ya fayiba

Galimoto yanga ndi Toyota MR2 ya mtundu wa SW20, koma inavekedwa bodi ya fayiba yotengera Ferrari F355. Ndinaigula itavala kale. Amene mumadutsa pa Chitakale Loweruka mwina munaionapo, yofiira, yotsika moti pa hampu iliyonse ndimakwera chopingasa. Anzanga awiri amene akumanga zawo, wina ku Luchenza wina ku Limbe, akhala akundifunsa za mphako zija za m'mbali, zimene zimachoka pa chikombole zili zotseka: tizitsegule bwanji? Njira zimene anthu amatsata ndi zitatu, ndipo zonse zadutsa pa galimoto yanga yomweyi.

Musanagwire dirilo, dziwani kaye kuti mphakozo n'zantchito yanji pa galimoto imene tikuitsanzirayo. F355, imene inkapangidwa kuyambira 1994 mpaka 1999, ili ndi marediyeta m'mbali, kuseri kwa zitseko. N'chifukwa chake mphako zake n'zakuya chonchija, madzi a injini amazizirira pamenepo. MR2 yathuyi injini ili kumbuyo kwa mipando, inde, koma rediyeta ili kutsogolo, madzi amayenda m'mapaipi aatali odutsa pansi pa galimoto. M'mbali Toyota inangoika timphako tiwiri. Ka kumanzere n'kopumira injini, kamapita ku air cleaner, bokosi losefa mpweya wolowa mu injini. Ka kumanja kali ndi fani, ndipo pa zija za turbo, za injini ya 3S-GTE, ndi kumene kumakhala intercooler, choziziritsa mpweya wochokera ku turbo. Bodi ya fayiba ikamatidwa pamwamba, timphako tiwiriti timaphimbika, mwina n'kutsala kampata kongolowa zala ziwiri.

Ine izi ndinazidziwa mochedwa. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinkakwera kuchokera ku Luchenza kupita ku Thyolo boma kumbuyo kwa lole yodzaza masamba a tiyi, ndili pa giya yachiwiri. Muvi wa geji ya kutentha kwa injini unayamba kukwera, mphamvu nazo zikuthawa, ukaponda mafuta galimoto ikungolira osasuntha bwino. Ndinaima pambali pa munda wa tiyi, mtima uli phaphapha, n'kudikira pafupifupi ola lathunthu kuti izizire. M'mawa mwake ndinatenga dirilo.

Kuboola mabowo ambiri ndiyo njira imene aliyense amathamangira, ndipo ubwino wake ulipo ndithu. Sikudya ndalama, ntchito imatha masana amodzi, mwala waukulu sulowa, ndipo waya wotchingira safunika. Ndinaboola mabowo 20 mbali iliyonse, lililonse la mamilimita 20. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Bowo limodzi lotere malo ake ndi masikweya sentimita 3 ndi pang'ono, ndiye onse 20 pamodzi ndi 63 basi. Mukadula zenera limodzi la masentimita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, mwapeza 200, kuposa katatu. Pamene injini ya malita 2 ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, mafuta mutaponda mpaka pansi, imafuna mpweya wokwana malita pafupifupi 100 pa sekondi iliyonse. Komanso mphepo yoyenda m'mbali mwa galimoto sikhota yokha kuti ilowe m'kabowo kakang'ono ka milomo yakuthwa. Yambiri imangodutsa pamwamba.

Choipa chenicheni chinaoneka patapita miyezi. Misewu yafumbi ya m'maesiteti imagwedeza bodi, ndipo timing'alu tonga ulusi wa kangaude tinayamba kuyenda kuchoka pa bowo ili kukafika pa linzake. Chitabwera chiperoni, chinyezi chinalowa m'ulusi wa fayiba umene dirilo inausiya poyera, penti n'kuyamba kutupa matuza kuzungulira bowo lililonse. Muvi wa geji nawo sunasinthe ngakhale pang'ono. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa penti ameneyo anali wabwino.

Amene ananditsegula maso ndi madala ena a panel beating kuno ku Mulanje, amene akhala akumata mabampa ndi makanopi a fayiba zaka zambiri. Anagwada, n'kulowetsa kawaya m'bowo limodzi, kawayako n'kugunda chitsulo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mwaboola malaya koma thupi lili m'kati lija silinadziwe. Mpweya ukalowa apa upita kuti? Nanga utulukira kuti?" Mabowo anga ambiri ankapenyana ndi chitsulo cha bodi ya Toyota, kamphako kenikeni kali chapambali ndithu.

Njira yachiwiri ndiyo kudula zenera lonse n'kuliumbira khosi lolunjika pa kamphako ka Toyota. Iyi ndi imene ndimaikhulupirira, koma ndinene poyera kuti imadya nthawi, ndipo mukalakwitsa kubweza n'kovuta. Tinamata tepi yapepala pamalo ponse n'kujambula mzere pamwamba pake, chifukwa tepiyo imathandiza kuti khungu losalala lapamwamba lija, gelcoat, lisabenthuke. Pa ngodya iliyonse tinayamba taboola bowo la mamilimita 10 kuti ngodya zikhale zozungulira. Ngodya yakuthwa ndi pamene mng'alu umayambira. Tinasiyanso mlomo wa sentimita imodzi ndi theka kuzungulira, wogwirapo waya ndi khosi.

Chodulira nacho chili ndi mpikisano wake. Galayinda ndi yachangu, koma imatentha resin (guluu uja womata ulusi wa fayiba), imatulutsa fumbi lochuluka, ndipo dzanja likangoterereka yadya kale chitsulo cha kuseri, mawaya, kapena paipi yothirira petulo ngati muli mbali imeneyo. Jigsaw imatsata mzere bwino, bola mano akhale aang'ono odulira chitsulo, osati a matabwa amene amang'amba gelcoat, koma lumo lake limatulukira kuseri n'kumagunda bodi yakale. Madala aja anatenga lumo la hakiso, n'kulikulunga sanza mbali imodzi, n'kumacheka ndi dzanja pang'onopang'ono, akumva ndi zala pamene fayiba yathera. Zenera limodzi linatenga ola, koma mzere unatuluka woyera ngati wa kufakitale. Chilichonse chimene mwasankha, phimbani mphuno ndi pakamwa, valani malaya a manja aatali, ndipo mukamaliza sambani madzi ozizira. Fumbi la fayiba limayabwa ngati chitedze, ndipo m'mapapo silifunika n'komwe.

Khosi ndilo limapangitsa kuti njira iyi ipambane inzake ija. Tinasema chikombole pa thovu loyera lija lotetezera wailesi m'katoni, n'kuchikulunga chonse ndi selotepi yabulauni, chifukwa polyester resin ikakhudza thovulo imalisungunula pomwepo. Pamwamba tinayala nsalu ya fayiba ya magalamu 450 pa sikweya mita, mosanjikiza katatu, hardener (mankhwala oumitsa resin) wosapitirira magawo 2 pa 100 alionse a resin. Kunja kukatentha resin imauma m'chitini musanamalize kupaka, choncho sakanizani pang'onopang'ono ndipo gwirani ntchito m'mamawa. Nthawi ya chiperoni musayese, chinyezi chimaononga kagwiridwe kake. M'mphepete monse modulidwa tinapakamo resin kuti ulusi usamwe madzi.

Pali chinthu chimodzi chimene ife a kuno sitiyenera kuchiiwala, ndicho mvula. Ya ku Mulanje ikatsika m'phiri muja imakhala ngati akukhuthula ndowa, ndipo zenera lalikulu limatunga madzi monga limatungira mphepo. Madzi akafika m'masilinda safinyika, amapinda ma connecting rod, zitsulo zogwira mapisitoni. Ndiye khosi la kumanzere tinalipanga lokwera chokwera polowera ku air cleaner, ndipo pamalo pake potsikitsitsa tinaboola kabowo ka mamilimita 8 kotayira madzi. Bokosi la air cleaner la Toyota ndinalisiya momwemo. Fyuluta zapoyera zija zooneka ngati chibonga zimalira bwino, koma zikakhala m'chipinda cha injini zimakoka mpweya wotentha, ndipo pa fumbi lathu lofiirali ine sindizidalira.

Za waya wotchingira ndinene mwachidule. Wa udzudzu wa m'mawindo ndi wothina kwambiri, fumbi likasakanikirana ndi mame amatsekeka ngati wamatidwa dothi. Wa khola la nkhuku amalola mpweya koma amachita dzimbiri ndipo amapindika. Amene anandikhalira bwino ndi wa aluminiyamu wa maso a daimondi olowa nsonga ya pensulo, wopakidwa penti wakuda, womangidwa ndi timabawuti kuseri kwa mlomo uja kuti ndizitha kumuchotsa n'kutsuka. Masamba ouma ndi timapepala tapulasitiki timaunjikana pamenepo kuposa mmene mungaganizire.

Njira yachitatu, kusiya zotseka, ambiri amaiona ngati ulesi, koma pa mphako zina ndiyo nzeru. F355 ili ndi mphako yaikulu yoyambira pachitseko, ndi ina yaing'ono m'munsi mwake. Kuseri kwa yam'munsiyo pa MR2 kuli chitsulo cha sill, cha m'munsi mwa chitseko, chimene ndi gawo la mafupa a galimoto. MR2 ilibe chasisi chapadera ngati pikapu, mphamvu yake ili m'bodi momwemo. Mukacheka pamenepo kuti mpweya udutse, mwafooketsa galimoto pamalo pamene pamakutetezani wina akakugundani m'mbali, ndipo zimene mwalowetsa ndi matope ndi miyala yochokera ku tayala lakutsogolo. Zanga ndinangozipaka penti wakuda wosawala m'kati. Munthu ataima mamita awiri sazindikira kuti n'zotseka.

Ena amasiya zonse zotseka n'kukatenga mpweya kwina. Mnzanga wa ku Limbe ankafuna NACA duct, kamphako komira kooneka ngati botolo kamene kanatulukiridwa ndi bungwe lofufuza za ndege la ku America cha m'ma 1945, komwe mumakaona pa Ferrari F40. N'kabwino chifukwa sikakoka galimoto m'mbuyo kwambiri, koma kamafuna malo osalala pamene mphepo ikuyenda mosasokonezeka, ndipo kalibe mphamvu yokankhira mpweya kudutsa m'zipsepse za intercooler. Koma chotungira mpweya cha pansi pa galimoto, chimenecho ndiye ayi. Mahampu a pa Bvumbwe ndi pa Thyolo achithyola sabata isanathe, ndipo chisanathyoke chikhala chitamwetsa injini fumbi.

Funso lachiwiri la madala aja, lotulukira, linandipititsa pa chivundikiro cha injini. Mizere yotulutsira mpweya ya pamenepo nayo inali yongoumba, yosatsegula. Tinamata tiziduswa ta ulusi woluka wa masentimita 10 kuzungulira mphako ndi pa chivundikiro, mphwanga n'kumajambula ndi foni ali m'galimoto ina pa msewu wa Midima. Ulusi wa pakamwa pa zenera unkangovina, osalowa. Titatsegula mizere ya pa chivundikiro n'kuyesanso, wa m'mbali unagona kuloza m'kati, wa pamwamba n'kuimirira. Kuyesa kumeneku mtengo wake ndi mpukutu umodzi wa ulusi, ndipo ndikanayamba nako penti wanga akanapulumuka. Pansi pa mizereyo ikanipo kachidutswa ka lata kopatutsa mvula kuti isagwere pa distributor (chogawa moto ku mapulagi) ndi mawaya ake. Ngati pali malo pamene dirilo ndingaivomereze, ndi obisika otulutsira mpweya wotentha, monga kuseri kwa gilu yakumbuyo, bola m'mphepete mwa bowo lililonse mupakidwe resin.

Nanga muvi wa geji uja? Mphamvu zinabwerera injini itayamba kupuma mpweya wozizira, koma kutentha kwa madzi gwero lake linali kutsogolo. Nambala puleti inatseka pafupifupi theka la kamwa la bampa, ndipo pakati pa bampa yatsopano ndi rediyeta panali mipata yolowa dzanja mbali zonse, mphepo n'kumazemba rediyeta kudzera m'menemo. Tinasuntha puleti, n'kutseka mipatayo ndi lata la aluminiyamu ndi labala wa chubu. Chitunda cha ku Thyolo chija ndachikweranso kangapo dzuwa lili paliwombo, muvi uli pakati osasuntha.

Ya mnzanga wa ku Luchenza ndi ya turbo, ndiye kwa iye tiyambira kumanja, kumene kuli intercooler, ndipo khosi lake liyenera kumatirira m'mphepete monse kuti mpweya usapeze pozembera. Ndamuuza kuti asagule dirilo, agule malumo awiri a hakiso, tepi ndi ulusi. Tidula Loweruka m'mamawa, dzuwa lisanatuluke kuseri kwa phiri.