Maluwa ake ndi abwino, koma wogulitsayo asamadziyese dokotala

Nyenyezi zitatu basi, ndipo ziwiri ndachotsazo zapita chifukwa cha pakamwa pa wogulitsa.

Ndinaitanitsa paketi ya tiyi wa maluwa ouma osakaniza, ya chidede, butterfly pea ndi chamomile, yomwe analembapo kuti "amateteza ubongo". Ndinkagulira mayi anga omwe ayamba kuiwalaiwala. Poti amamwa mankhwala a BP tsiku lililonse, ndinayamba ndafunsa wogulitsayo pa WhatsApp ngati tiyiyu angayendere limodzi ndi mankhwalawo. Yankho lake linali lakuti: "Musadandaule mayi, izi n'zachilengedwe. Akangomuzolowera, mapilitsiwo adzawasiya okha." Mtima unandiwawa. Munthu wogulitsa maluwa n'kumalamula kuti mayi wachikulire asiye mankhwala a kuchipatala? Nditamufunsa komwe wazitenga zimenezi, anangonditumizira chithunzi cha duwa cholembedwa kuti antioxidant (zoteteza maselo a m'thupi), kenako zii mpaka lero.

Chidede chimatsitsadi BP, koma pang'ono. Pa kafukufuku wa ku yunivesite ya Tufts ku America yemwe anatuluka mu 2010, anthu omwe ankamwa makapu 3 patsiku kwa milungu 6, nambala yapamwamba ya BP inatsika ndi 7, ndipotu amenewo sankamwa mankhwala a BP. Wina akaphatikiza ndi mapilitsi osafunsa, BP ikhoza kutsika mopitirira n'kumamva chizungulire. Chamomile nayenso amatha kuwonjezera mphamvu ya warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana aja. Papaketi ponse palibe ndi chenjezo limodzi lomwe.

Za ubongozo akokomeza. N'zoona kuti chomwe chimafiiritsa chidede ndi kubiriwitsa butterfly pea, anthocyanin, chimathandiza kuti maselo asamaonongeke msanga. Koma umboni wochuluka woti maluwa oterewa amateteza ubongo unachokera pa makoswe ndi pa maselo a mu labu. Mayi anga si khoswe.

Komabe chilungamo ndichinene, maluwawo ndi enieni. Anabwera oyera bwino, opanda mchenga kapena fungo la nkhungu, m'thumba losalowa kuwala, zomwe n'zofunika chifukwa dzuwa limasukulutsa anthocyanin. Ndinasankhamo a buluu okhaokha n'kuwaviika m'madzi otentha, madzi aja anati bii ngati inki. Nditafinyiramo ndimu anasanduka apepo nthawi yomweyo, monga amachitira butterfly pea weniweni. Onse pamodzi amatulutsa tiyi wowawasira bwino, ndipo fungo la chamomile limamveka chakumapeto. Kutsekemera kulibe, okonda shuga mudziwiretu.

Panopa ndimamwa ndine madzulo m'malo mwa khofi. Mayi amalawako kapu imodzi yosakolera kwambiri, adokotala awo atavomera, ndipo mapilitsi akumwabe. Kuiwala kuja kulipobe. Ndidzagulanso, koma eni bizinesi, mtsikana wogulitsa pa WhatsApp uja mumuchotsepo asanavulaze munthu.